Anapenta Pabalaza Ndani?

3 Febuluwale

Mayi a ana,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana athu awiri. Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine cha fumbi chimene sichisiyana ndi munthu wa ntchito yathuyi. Ndalemba kalata chifukwa pafoni sindimasuka. M'chipinda muno tilimo amuna asanu, ndipo ndikangoti "halo" onse amasiya zimene akuchita n'kutchera khutu. A dalaivala a lole abwera nayo, pamodzi ndi ndalama ya fizi ndi ya penti.

Ndamva kuti pulasitala wauma m'nyumba yathu yatsopano. Ndasangalala, koma mtima ukundiwawanso. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikupenta nyumba za eni, ndipo ndinkati yangayo ndidzapenta ndekha, mosathamanga, popanda wondiimirira kumbuyo. Ndinapempha tchuthi kwa a kapitawo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pita, koma pobwera udzapeza bulashi yako ili m'manja mwa wina." Ndiye ndakhala.

Tsono mwati mupenta nokha chifukwa mmisiri wa kumeneko watchula mtengo wamisala. Nditawerenga ndinaseka mpaka a Ndevu, mdala amene bedi lake layandikana ndi langa, anandifunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Mayi, kupenta si kukolopa. Koma poti ndikukudziwani mukatsimikiza chinthu, mverani bwino.

Musathamangire kutsegula chitini. Ntchito yaikulu imachitika penti asanatsegulidwe. Yambani mwasesa makoma onse ndi tsache lofewa. Paliponse pamene pali mng'alu kapena kabowo matanipo fila, mudikire aume, kenako mukwechepo ndi sandipepa. Musakhulupirire maso, muzipapasa ndi chikhatho, chikamadutsa chisakhumudwe paliponse. Mukatero mupukute fumbi ndi kansalu konyowa. Pansi muyale matumba akale a simenti. Penti mumutakase ndi kamtengo mpaka pansi pa chitini, ndipo ngati ali ndi zibulumwa mumusefe pa sokosi yakale. Koti yoyamba muithire madzi pang'ono, chifukwa khoma latsopano limamwa ngati munthu wochokera kumunda.

Pamene khoma lakumana ndi siling'i ndi pamene pamadziwika mmisiri. Inu pamenepo musayese ndi dzanja lokha. Gulani tepi yapepala, muimate mowongoka, mupente, ndipo muimatule penti asanaumitsitse. Bulashi muziviika nsonga yokha, osati kuimiza ngati mukutunga madzi. Muziyamba m'mphepete ndi bulashi, pakati n'kumaliza ndi rola, kuchokera kumwamba kutsika pansi. Khoma mukaliyamba musalisiye pakati kuti mukaone mphika. Likauma theka, chipsera chake chimaoneka mpaka kalekale.

Yambani ndi chipinda cha ana. Mukalakwitsa kumeneko tidzanamizira iwowo. Pabalaza musakhudzepo kaye, alendo amafikira pamenepo.

Penti kuno wakwera mtengo kawiri chiyambire chaka, ndiye kumeneko mufunse masitolo awiri kapena atatu musanagule. Wamkuluyo mumuuze kuti za masamu ake ndamva, ndipo sindinasangalale. Wamng'onoyo asayandikire zitini. Amayi mukawaone Lamlungu, muwauze kuti bulangete lawo sindinaiwale.

Ine mwamuna wanu.


12 Malichi

Mayi a ana,

Landirani moni wanga. Ndamva kuti wamng'onoyo anadwala m'mimba koma wachira, tithokoze. Ine ndiliko.

Zithunzi zitatu za chipinda cha ana ndalandira. Mwayesetsa ndithu, koma ndiloleni ndiseke. Pansi pa windo khoma likulira misozi itatu ya penti, chifukwa munadzazitsa bulashi monga ndinakuletserani. Swichi mwaipentera kumodzi, moti ana aziifuna mopapasa. Mzere wa kusiling'i ukuyenda ngati munthu wochokera kumowa. Tepi munamata, inde, koma simunaitsindike ndi chala, ndiye penti analowa kunsi kwake. A Ndevu ataona anati, "Akazi akowa ndi olimba mtima. Anga akanandiuza kuti nyumba ndi yanga, ndikapente ndekha." Ndinanyadira, ndisaname.

Misoziyo musaikande ndi mpeni. Idikireni iumitsitse, muikweche ndi sandipepa wosalala, kenako mubwerezepo pang'ono. Swichi muipukute ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, magetsi mutazimitsa. Bulashi muzitsuka tsiku lomwelo n'kuikoleka ubweya utaloza pansi. Mukaigoneka m'madzi usiku wonse imasanduka tsache.

Chinthu chimodzi sindinamvetse. Mwalemba kuti makwerero anakubwerekani bambo a sitolo ya zomangira, ndipo anachita kubweretsa okha mpaka pakhomo. Ndi aja a galimoto yoyera, amene akazi awo anamwalira chaka chatha? Ine malata onse a nyumbayo ndinagula kwa iwowo, sanandichotsereko ngakhale mtengo wa msomali umodzi. Kukoma mtimako ayamba liti? Sindikunena kanthu, ndangofunsa. Mukamaliza muwabwezere msanga, katundu wa eni sachedwa kubala nkhani.

Kuno ntchito ilipo. Tikupenta nyumba yosanja ya dokotala wina, zipinda khumi ndi chimodzi, okhalamo anthu atatu. Galu wawo ali ndi chipinda chake, ndipo nachonso tachipenta makoti awiri. Sabata yatha ndinaterereka pang'ono pamakwerero tikupenta pamwamba pa masitepe. Si nkhani yoti mukawauze amayi, mukudziwa mmene amachitira. Andipatsa masiku opuma. Mukaona zilembo zapendama musadabwe, ndikulembera pabondo. Patebulo a Ndevu ayalapo wailesi yawo imene akuikonza chiyambire Januwale.

Mwezi uno ndalama yachepa, mundimvetse. Nsapato za wamng'onoyo zidikire kaye.

Ine mwamuna wanu.


20 Epulo

Mayi a ana,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndayambiranso ntchito. Zinthu zasinthako pang'ono kuntchitoko, koma za zimenezo tsiku lina.

Ndinati pabalaza musakhudzepo, koma ndaona kuti papentedwa. Zithunzi ndaziyang'ana masiku atatu. Kumwamba mtundu wa mkaka, kumunsi wobiriwira, pakati mzere wowongoka ngati wolemba ndi rula, kuzungulira chipinda chonse. Kusiling'i chimodzimodzi. M'makona mulibe dontho. Pa felemu ya chitseko penti wafika pamalire n'kuima.

M'kalata mwanu mwati tepi inatha ndipo simunagulenso ina. Zimenezo ndikukhulupirira, chifukwa tepi pa pulasitala imasiya timano ting'onoting'ono, ndipo pamenepa palibe. Mzere umenewo wadulidwa ndi dzanja lokha. Ine ndinatha zaka zitatu ndikutsuka mabulashi a anthu ndisanaloledwe kudula mzere wotero.

Ndinaonetsa a Ndevu chithunzi chimodzi, osawauza kuti ndi kwathu. Anavala magalasi n'kusendera pawindo.

"Uyu ndi mmisiri," anatero. "Taona mmene wakhotera pakona osanyamula bulashi. Amagwira kampani iti?"

Ndinati, "Ndi pabalaza panga."

Anangondibwezera chithunzicho n'kutuluka panja. Munthu amene amalankhula ngakhale ali m'tulo.

Tsono mayi, ndithandizeni. Dzanja limene linaliza khoma la ana mu Malichi ndi lomweli? Masabata asanu okha? Ngati munalemba munthu ganyu, nenani, sindikwiya. Ndingofuna kudziwa kuti ndi ndani ndipo munamulipira ndi chiyani, poti imene ndinatumiza ija sikanakwana. Ngati sanalipidwe, ndiye ndifuna kudziwa kwambiri.

Mlamu wanu, mlongo wangayo, wandilembera. Akuti galimoto yoyera ija yaima pakhomo pathu katatu, ndipo ulendo wina inakhala ola lathunthu. Akuti makwerero akadali kwathu. Mlongo wanga ndimamudziwa, pakamwa pake sipatsekeka, ndipo sindinafune kumumvera. Koma pa chithunzi chachiwiri, pawindo, pali makapu awiri a maluwa aja amene timatulutsira alendo okha. Masiku ano mumamwera makapu awiri nokha? Ndipo aliyense amadziwa kuti bambo amenewo asanatsegule sitolo anali opentanso.

Ndikamakwera basi yopita kuntchito ndimayesa kuganiza zina, koma mzere umenewo umangobwera m'maso. Dzulo ndinapitirira siteji yanga.

Ndiyankheni kudzera kwa a dalaivala ulendo womwe uno. Ana muwapatse moni. Nsapato zija mugule tsopano, nambala yokulirapo kuti zikhalitse.

Ine mwamuna wanu.


4 Meyi

Iwe,

Moni ndakupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino. Kudwala sindikudwala.

Ine ndinalemba masamba awiri, iwe wandiyankha mzere umodzi: "Ndinapenta ndine." Ukundiyesa mwana? Ntchito imeneyi ndi imene yakudyetsa zaka zonsezi, ndimaidziwa ngati chikhatho changa. Ukhoza kunamiza mlamu wako, ukhoza kunamiza amayi, koma khoma silingandinamize ine.

Ine kuno ndimapuma fumbi tsiku lonse, zovala ndimachapa ndekha m'ndowa ya penti, ndimagona pa bedi lamawaya pakati pa amuna anayi oliza mkonono, kuti iwe ukhale m'nyumba yabwino. Njerwa iliyonse ya nyumbayo ndi msana wanga. Ndiye mwamuna wina azikwera makwerero pabalaza panga, iwe uli pansi kumugwirira? Azitsika, uzimuthirira madzi osamba m'manja, azimwa tiyi m'makapu anga, ana anga akuona? Ndikadzabwera ndizidzakhala pampando n'kumayang'ana dzanja la mwamuna mnzanga litazungulira nyumba yonse?

Mvera. Makwererowo abwerere mawa lomwe. Kusitolo imeneyo usapondekonso, penti ukagule kwina ngakhale kukhale kodula. Chipinda chathu chogona chisapentedwe. Chikhale cha pulasitala choncho mpaka ndidzabwere, ndipo munthu wandevu asayandikire chitseko chake.

Ukapanda kundiuza zoona, nkhaniyi ndiitula kwa achimwene ako, akufunse okha.

Ndalama ili mu envelopuyo ndi ya ana. Ndati ya ana.

Ndine yemwe uja.


22 Juni

Mayi a ana,

Ndikhulupirira muli moyo, ngakhale kuti a dalaivala abwera kawiri chimanjamanja. Ine ndilipo. Kuno kwazizira, penti akuchedwa kuuma. Masiku ano andiika mbali yokonza makoma, akuti ndine ndimaidziwa bwino.

Dzulo ndinakawadikira a dalaivala pamene amatsitsira katundu. Nditawafunsa za kalata anapukusa mutu, kenako anayamba kuseka.

"Akulu, akazi anu alibe nthawi yolemba," anatero. "Kunyumba sindinawapeze. Ana anandilozera kunyumba ya aphunzitsi aakulu, ndiye ndinawalondola konko."

"Amakatani kwa aphunzitsi aakulu?"

"Ndinawapeza ali pamwamba pa makwerero, mpango kumutu, bulashi m'manja. Anati ndidikire amalize khoma, sangaime pakati. Ndiye ndinakhala pa ndowa n'kumaonerera. Anachoka kona iyi mpaka kona iyo, dzanja osanjenjemera, ngati sakupuma. Ine ndimawongola lole pamsewu, koma mzere wotero sindingauwongole."

"Anali ndi ndani?"

"Ndi mayi wina wowatakasira penti. Mwamuna panalibe, kupatula ineyo."

Anandiuzanso za bambo a sitolo. Akuti amabwera ndi makasitomala awo, ena ali ndi akazi awo omwe, kudzawaonetsa pabalaza pathu kuti akopeke agule penti, ndipo ndi mmene mwapezera nyumba zitatu zopenta. Ana anawauzanso kuti munkaphunzirira pakhoma la kuseri kwa khitchini, kudula mizere ndi bulashi yoviika m'madzi okha, m'mawa uliwonse, dzuwa n'kumafufuta, inu n'kumayambiranso.

Ndiye ndinalakwa. Kalata ija muing'ambe. Mawu amene ndinalembamo si oyenera mayi wa ana anga. Kwa achimwene anu nkhani sindinaitule. Chipinda chogona pentani mtundu umene mukufuna.

Ndimayesa ndikamva zimenezi mtima ukhala pansi. Sunakhale. Ndinabwerera kuchipinda n'kutulutsanso zithunzi zija, kufunafuna polakwika. Ndinapapeza. Kumunsi kwa chitseko, mbali ya kumanzere, wobiriwirayo wachepa mphamvu, pakufunika koti ina. Ndinasangalala ngati ndatola chikwama pamsewu, kenako ndinachita manyazi.

A dalaivala akuti anthu kumeneko ayamba kukutchulani "amisiri". Ine zaka khumi ndi zinayi palibe anandiitanapo choncho, kuno ndine "iwe wapenti". Akutinso wamkuluyo anauza aphunzitsi ake kuti akadzakula adzakhala wopenta ngati amayi ake. Ngati amayi ake! Nanga bambo akewo amagulitsa tomato?

Sindikukuletsani. Koma pamakwerero muzisamala, muziyamba mwawagwedeza musanakwere, ndipo ntchito ya pamwamba pa masitepe musamavomere, kaya alipire bwanji. Mtengo muzitchula mutaona kaye makoma, osati pamsewu. Ndipo anthu akamakuyamikirani, muziwauzako amene anakuphunzitsani.

Ndilembereni, ngakhale mzere umodzi. Ulendo uno ndiulandira ndi manja awiri.

Ine mwamuna wanu.


27 Julayi

Mayi a ana,

Kalata yanu ndalandira, masamba anayi, ndipo ndaiwerenga kangapo. Ndasangalala kuti nonse muli bwino. Za moyo wanga, lero ndinena zoona.

Mwafunsa kuti amandilembera makalata ndani. Mwati kuyambira Malichi zilembo si zanga, munaika kalata ya Febuluwale pambali pa zinazo n'kuona kuti si dzanja limodzi. Mwati munakhala chete miyezi inayi zikukudyani mumtima, pamene ine ndinkawerenga makapu pawindo. Mwalemba kuti, "Ngati kumeneko kuli mkazi wokugwirirani cholembera, mumuuze kuti ndamudziwa." Ndinaseka. Ndivomere, ndinakondwerako kuona kuti nanunso mumatha kundichitira nsanje.

Kulibe mkazi. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Tsiku lija sindinaterereke pang'ono. Ndinagwa kuchokera pamwamba pa masitepe n'kufikira dzanja lamanja, ndipo linathyoka pamfundo. Anandiika chikhakha masabata asanu. Atachichotsa, fupa linali litagwirana mokhota, ndipo zala ziwiri, chachikulu ndi cholozera, sizimva bwino mpaka lero. Bulashi ndimaigwira, koma sindimva pamene yafika.

Nditabwerera kuntchito ndinabisa. Ndi rola ndimatha, palibe anazindikira. Koma tsiku limene zithunzi za pabalaza zinafika, a kapitawo anandipatsa chipinda chodyera kuti ndidule m'mphepete, khoma lofiirira, siling'i yoyera. Ndinakwera, ndinadula mbali yonse, thukuta lili kamukamu. Nditatsika n'kuyang'ana kumwamba, ndinapeza mwini nyumba ataima kumbuyo kwanga pamodzi ndi a kapitawo.

"Ameneyu munamutola kuti?" anafunsa mwini nyumbayo.

A kapitawo anati, "Ndi wakale, bwana. Kaya lero watani."

Anaitana munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira bulashi kuti adzakonze. Ine anandipatsa sandipepa. Nditaweruka ndi pamene ndinatsegula envelopu yanu n'kuona mzere wa pabalaza uja. Tsono mumvetse kuti makalata aja analemba munthu wotani. Zinali zosavuta kukhulupirira kuti m'nyumba mwanga mwalowa mwamuna, kusiyana ndi kukhulupirira kuti dzanja limene landithawa ine lapezeka kwa inu.

Miyezi itatu ndakhala ndikukwecha makoma ndi kutsuka ndowa, pa malipiro a wophunzira. Lachisanu lapitali a kapitawo anandiitanira pambali. Anati nyumba ikubwerayi ndi ya munthu wovuta, ndipo akufuna anthu ochepa. Anandigwira chanza, dzanja lomwelo, n'kupepesa. Ovolosi anati ndisunge.

A Ndevu akuti ndikhale kaye, pabedi palibe andichotse, mwina kupezeka ntchito ya ulonda. Sindikudziwa. Amayi musawauze, ndidzawauza ndekha. Ana muwauze kuti bambo ali bwino. Mwezi uno mu envelopu muli kalata yokha.

Mwati chipinda chogona mwachipenta mtundu wa mtambo. Musanditumizire chithunzi. Ndikudziwa kale kuti chili bwino.

Ine mwamuna wanu.


24 Ogasiti

Mayi a ana,

Moni nonse kumeneko. Ine ndili bwino. Dzanja kukazizira limawawa, kukatentha limaiwala.

Mwati ndibwere. Mwati mwapatsidwa nyumba ya alendo yatsopano ija ya pafupi ndi msika, zipinda khumi ndi ziwiri, ndipo inu ndi mnzanu uja simungathe awiriwiri. Mukufuna munthu wodziwa kuyeza makoma, kusakaniza mitundu, ndi kukonza khoma lisanapentedwe. Mwalemba kuti, "Mizere ndizidula ine, zinazo mumandiposa." Mawu oyambawo anandibaya. Kalata ndinaiika pansi pa pilo masiku anayi osaiyankha.

Ndinapita kukafunsa ya ulonda ija. Anandionetsa kampando pageti ndi chibonga. Ndili chiimire ndinayang'ana khoma la mpanda wawo, penti akusendeka ngati khungu la njoka chifukwa anapenta pafumbi. Ndinaona kuti ndikavomera ndikhala pamenepo chaka chonse ndikukwiyira khoma. Ndinawathokoza n'kubwerera.

Tikiti ndagula. Ndinyamuka Loweruka la sabata yamawa, ndifika Lolemba m'mawa. Ndakugulirani bulashi ya nsonga yopendama, yodulira mizere, imene kumeneko sipezeka. Ndinaima nayo nthawi yaitali m'sitolo, mpaka wogulitsa anayamba kundiyang'ana ngati wakuba. Ine chiyambire sindinakhalepo nayo yotero.

Koma timvane zinthu zingapo. Eni nyumbayo musawalonjeze masabata atatu. Ngati pulasitala wa zipinda zakumbuyo ndi wa mwezi uno, sanaume, muwauze masabata asanu, ndipo akaumirira muwauze adikire ndifike. Kusitolo kokagula penti ndizipita ine. Ndikudziwa kuti bambo aja alibe mlandu, ndipo ndikawapatsa moni bwinobwino, ndikawathokozanso za makwerero, koma ndizipita ine. Mlamu wanu musiyeni, ndikalankhula naye ndekha.

A Ndevu anandifunsa kuti ndikukatani kwathu ndi dzanja limodzi ndi theka.

Ndinati, "Ndapeza ntchito kwa kontilakita wina."

"Ndi munthu wabwino?"

"Ntchito amaidziwa. Koma ndinamunyozapo, kaya akandisunga bwanji."

Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti, "Tsiku loyamba ukafike msanga."

Ndiye musabwere kudepoti kudzandichingamira, Lolemba ndi tsiku la ntchito. Ndikasiya chikwama kunyumba, ndivala ovolosi, ndikupezani komweko. Chinthu chimodzi chokha muchiganizire ndisanafike: pantchito, pamaso pa anthu, ndizikuitanani chiyani? Ngati ndi "bwana", ndiyesetsa, koma mundipatseko mwezi umodzi kuti pakamwa pazolowere.

Ine mwamuna wanu.